Timabuku ta mwana ndi kabakha kake: gulani kaja kali ndi zitosi

Ngati mukufuna kugulira mwana buku la zithunzi la mtundu uja wa mwana wapeza kabakha, akukalera, akukaphunzitsa, musavutike ndi kuwerenga zakuchikuto. Tsegulani pakati muyang'ane pansi pomwe bakhayo waima. Pakakhala poyera mbee tsamba lililonse, libwezeni pa shelefu. Pakakhala matope, madzi otayika ndi kachitosi penapake, nde limenelo nyamulani, wojambulayo bakha amamudziwa.

Mayina a mabuku sinditchula poti otere alipo mbwee ndipo nkhani yake imangofanana, chikusiyana ndi momwe aifotokozera. Ine ndili ndi amitundu itatu pano: ka makatoni olimba ka ana ang'onoang'ono, lina lonyezimira lokongola kwambiri, ndi lachitatu looneka ngati losasangalatsa koma lomwe mwana wanga wazaka 6 walipanikiza mpaka layamba kuthothoka masamba.

Ka makatoni kaja sindichedwapo. Mawu ake ndi ochepa, tsamba lililonse kachiganizo kamodzi, kabakha kadya, kabakha kasamba, kabakha kagona, basi. Nkolimba, mwana akakaluma kapena kukathira malovu kamangopukutika, ndipo makona ake ndi ozungulira sangamubaye m'diso. Pa ntchito yoti khanda liziloza chithunzi nkumati kwa kwa kali bhobho. Chomwe chinandinyansa ndi tsamba lomaliza pomwe kamwana koyamba kumene kuyenda kakupsompsona kabakha pakamwa. Zimenezo ayi. Abakha ndi nkhuku amatha kunyamula tizilombo ta Salmonella pa nthenga, pamapazi ndi pamlomo pomwe iwo akuoneka athanzi bwinobwino, ndipo mwana akatitenga ndi kutsegula m'mimba, kutentha thupi, nthawi zina mpaka kugonekedwa. Bungwe la CDC, loona za matenda ku America, limanena poyera kuti ana osakwana zaka 5 asamagwire anapiye kapena tiabakha, komanso kuti mbalame zimenezi zisamapsompsonedwe. Nde buku lopangira ana a zaka 2 kumathera pa kupsompsona kumeneko, eti? Tsamba limenelo ine ndimangolidumpha.

Tsopano lonyezimira lija. Ili ndi lomwe anthu ambiri angagule chifukwa pa maso nde lawina, chikuto cholimba, mitundu yowala, kabakha ka maso aakulu ngati ka pa katuni, masamba 32 monga amakhalira mabuku ambiri a zithunzi. Mawu ake amayenda bwinonso powerenga mokweza, pali kachiganizo kobwerezabwereza komwe mwana amakaloweza tsiku lomwelo nkumakanena nanu limodzi, pamenepo mlembi ndimupatse ulemu wake. Vuto ndi loti nyama ili m'bukumu si bakha. Ndi galu amene amuveka nthenga.

Kamnyamata ka m'nkhanimo kapeza kabakha, tsiku lomwelo kakuponya m'bafa yodzadza madzi, kabakha kakusambira mosangalala. Tsamba lotsatira akugawana buledi. Kenako kakumuphunzitsa kukhala pansi, kupereka phazi, kutola mpira, ndipo pachimake penipeni bakha waphunzira kupita pa poti yekha kkkk, banja lonse likuwomba m'manja. Usiku akugona limodzi pabedi mutu pa pilo. Pomaliza bakha uja wakula, woyera wonenepa wa mlomo wa olenji, akuuluka pamwamba pa denga kutsanzika mnzake.

Ndikudziwa wina anena kuti aaa ndi nthano ya ana chabe, mesa m'nthano kalulu amayankhula. Zoona, ndipo bakha wa m'bukumu akanakhala wovala chipewa nkumayendetsa basi sindikananena kanthu chifukwa mwana aliyense amadziwa kuti zimenezo nzocheza. Koma bukuli ladziika lokha pa mzere wa mabuku ophunzitsa kusamalira chiweto, kumapeto kulinso tsamba la "nawenso ungathe", nde mwana amazitenga ngati malangizo. Ndipo pafupifupi chilichonse chomwe kamnyamata kaja kachita chikhoza kupha kabakha keniikeni kapena kukhumudwitsa mwana weniweni.

Za m'bafa zija mwachitsanzo. Kabakha kongoswedwa kumene kalibe nthenga, kali ndi ubweya wofewa, ndipo ngati kakuleredwa popanda make ubweyawo umanyowa msanga, kamazizidwa, kamatopa, m'madzi akuya opanda potulukira kamamira ndithu. Anthu amadabwa kumva kuti bakha angamire koma zimachitika. Bakha wamkulu madzi samulowa chifukwa nthenga zake nzolukana bwino ndipo amazipaka mafuta omwe amatenga ndi mlomo pa kachotupa kali pamwamba pa mchira, nchifukwa chake mumamuona akudzikanda kumbuyo nkumadzipukuta thupi lonse. Nthenga zokwanira zimabwera cha m'ma sabata 7 kapena 8. Zisanafike pamenepo kusamba nkwa mphindi zochepa, m'madzi osaya ofunda pang'ono, munthu ali pompo, kenako kukapukuta nkukabwezera pofunda. Buledi naye amangodzadza m'mimba, zomanga thupi mulibemo zokwanira, ndipo kudya kosalongosoka pa nthawi yokula ndi kumodzi mwa zomwe amazilumikiza ndi vuto lija la phiko lopindikira kunja lomwe amati angel wing.

Za pa poti nde musaseke nazo. Bakha alibe mphamvu yosunga chimbudzi ngati galu kapena mphaka, chikafika chafika, ndipo chimafika pafupipafupi tsiku lonse, chamadzimadzinso. Palibe maphunziro omwe angasinthe zimenezo. Anthu ena omwe amaweta abakha m'nyumba amachita kuwaveka matewera osokedwa mwapadera, nkumasintha kangapo patsiku. Nde taganizani mwana wawerenga kuti ukalimbikira bakha amaphunzira, akuyesa sabata yonse, bakha akungosiya zake paliponse, mwanayo aganiza kuti walephera ndi iyeyo kapena akwiyira bakha wosalakwa.

Ngakhale kuuluka kuja nkwabodza. Bakha woyera wa mlomo wa olenji amene amajambulidwa m'mabuku ambiriwa ndi mtundu wa Pekin, womwe unachokera ku China nkufika ku America mu 1873, ndipo anthu akhala akuuweta kuti uzinenepa mpaka thupi linalemera kuposa mapiko. Amathamanga akukupiza, mwina kunyamuka pang'ono, koma pamwamba pa denga safikapo. Chinanso, bukuli likuti bakhayo ndi wamwamuna koma tsamba lililonse akukuwa KWA KWA KWA zilembo zazikulu. Wokuwa chonchoyo amakhala wamkazi. Wamwamuna mawu ake ndi osasa, apansipansi, ngati wagwidwa chimfine. Izi nzazing'ono inde koma zikungoonetsa kuti anthu onse omwe anagwira bukuli lisanasindikizidwe palibe anakhalapo pafupi ndi khola.

Lachitatu lija poyamba silikopa. Mitundu yake ndi yozimiririka, zojambula zapensulo ndi penti wamadzi, kabakha kakenso sikokongola kwenikweni. Nkhani ikuyamba dzira lisanaswe, kamtsikana kakuchonga masiku pa kalendala mpaka 28, yomwe ndi nambala yolondola ya abakha ambiri oweta. Kumapeto kwa buku alembanso kuti abakha aja a nkhope yofiira yokhakhala, a Muscovy, omwe kwawo kwenikweni ndi ku Central ndi South America, amatenga masiku 35, ndipo ndi okhawo mwa abakha oweta omwe sanachokere ku bakha wakutchire wotchedwa mallard. Kuswa kwakenso sanakuthamangitse, anapatsa masamba awiri athunthu, kabowo kakang'ono pa chikhungwa madzulo, m'mawa kabowo kadakali komweko, mtsikana akufuna kuthandiza kusenda, agogo ake akumugwira dzanja kuti dikira. Kabakha kakutuluka konyowa, kofooka, konyansa ndithu, mwana wanga anachita kufunsa ngati kafa. Tsamba lotsatira kauma kafufuma. Funso ngati limenelo buku lonyezimira lija silingabweretse.

Kenako ntchito ikuyamba, ndipo apa nde pomwe bukuli landigwira mtima. Katoni, zoyala pansi zosaterera, babu yotenthetsa yopachikidwa mbali imodzi kuti kabakha kakatenthedwa kathawire mbali inayo. Pakhoma pajambulidwa choyezera kutentha chikuloza madigiri 32 sabata yoyamba, ndipo mukamatembenuza masamba nambalayo ikutsika pang'onopang'ono sabata iliyonse, mawu sakunenapo kanthu, mwana amazitulukira yekha. Mbale ya madzi ndi yakuya pongokwana kuviika mutu wonse, poti bakha amafunika kutsuka mphuno ndi maso komanso kumezera chakudya, koma aikamo timiyala kuti kasalowemo thupi lonse. Ndipo tsamba lililonse madziwo ndi akuda. Mtsikana wasintha, kabakha kaviikamo mlomo wodzadza chakudya, ada. Wasinthanso, adanso. Pali chithunzi china cha mtsikanayo atagwira mphuno dzanja lina atanyamula zoyala zonyowa, nkhope itakwinyika, pansi pake kachiganizo kamodzi kokha konena kuti lero ndi Lachiwiri ndipo mawanso zikhala chonchi. Ine ndinaseka, mwana anaseka, koma uthenga unalowa. Kusamba m'manja ndi sopo kukuonekanso kangapo popanda kulalikira, kumangokhala mbali ya chithunzi.

Anakhudzanso nkhani ya chakudya mwanzeru. Kabakha kayamba kuyenda mopepesuka miyendo ikukhota, agogo akuwaza kaufa pa chakudya, patapita masiku kawongoka. Ku tsamba la makolo afotokoza kuti tiabakha timafuna vitamini wa niacin wambiri kuposa anapiye a nkhuku, nde ukamatipatsa chakudya cha anapiye chokha miyendo imatha kufooka, ndipo oweta ambiri amawonjezera ufa wa yisiti uja amati brewer's yeast. M'buku la ana zimenezi sindinkaziyembekeza.

Mbali ya kutsatira ija, kabakha kumangoyenda pambuyo pa mtsikana kulikonse, aijambula mokoma koma sananame kuti ndi maphunziro. Ndi chibadwa. Kabakha kapena katsekwe kakangoswa, m'tsiku loyamba kapena lachiwiri kamamatirira chinthu choyenda chomwe kakuchiona ndi kuchimva pafupi nkuchitenga ngati make. Amene anatchukitsa zimenezi ndi Konrad Lorenz, katswiri wa khalidwe la nyama wa ku Austria, uja wa zithunzi akuyenda atsekwe ali pamzere pambuyo pake, ndipo mu 1973 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Nikolaas Tinbergen ndi Karl von Frisch. Iyeyo ananena kuti tiana ta mallard tinkamutsatira pokhapokha akanyonyomala nkumalira ngati mayi wawo, nde taganizani bambo wamkulu wandevu akuyenda chonyonyomala pa kapinga akuti kwa kwa kkkk. Pano tikudziwanso kuti timitu timeneti si topanda kanthu: mu 2016 Antone Martinho ndi Alex Kacelnik a ku yunivesite ya Oxford anaonetsa tiabakha tongoswedwa zinthu ziwiri zoyenda limodzi, tina zofanana tina zosiyana, ndipo pambuyo pake tambiri tinkatsatira zinthu zatsopano zomwe sitinazionepo bola zikhale zofanana kapena zosiyana monga zoyamba zija. Izi m'bukumo mulibe, ndangowonjezera poti mwana akakufunsani kuti kakumutsatiranji muli ndi poyambira.

Chomwe bukuli lachita, chomwe ena amachithawa, ndi kuonetsa kuipa kwa kumatirirako. Mtsikana akapita kusukulu kabakha kakulira tsiku lonse osadya. Yankho la m'nkhanimo si loti azipita nako kusukulu m'chikwama ayi, akubweretsa kabakha kachiwiri. Ndipo mtsikana zikumuwawa chifukwa tsopano kake kaja kayamba kutsatira mnzake kusiya iye, pali tsamba lopanda mawu, iye wakhala pakhonde wagwira tsaya, tiabakha tiwiri tili uko tikuseweretsa madzi. Bakha ndi nyama ya gulu, mmodzi yekha amavutika ngakhale mutamukonda bwanji, ndipo mwana wazaka 6 anamvetsa zimenezi kudzera pa nsanje ya mtsikana uja kuposa momwe ndikanamufotokozera ine.

Maphunziro enieni akubwera pambuyo pake ndipo ndi ochepa, monga zilili. Zinthu zitatu basi: kubwera akaitanidwa, kudya padzanja, kulowa m'khola madzulo. Njira yake ndi yomwe imagwiradi ntchito, mawu amodzimodzi, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, kugwedeza kachitini ka nsawawa, wabwera walandira, sanabwere palibe kumenya palibe kuthamangitsa. Akuonetsanso kuti mtsikana amanyonyomala m'malo moimirira pamwamba pawo, poti chinthu chachikulu chobwera chakumwamba kwa bakha ndi mdani, ndipo ponyamula amagwira ndi manja awiri mapiko atapanikizika ku thupi, osati kukoka mwendo kapena phiko. Mtsikana akuyesanso kuphunzitsa kutola mpira, zikukanika, bakha akungouyang'ana mpirawo ndi diso limodzi nkutembenuka kupita ku matope, ndipo nkhani ikupitirira osabwereranso ku mpira. Kulephera kumeneko anakusiya choncho osakukonza, ndipo kwa ine ndi tsamba labwino kuposa onse.

Sanabisenso nyengo ija kabakha kamasiya kukongola. Chikasu chija chimatha msanga, pofika sabata yachitatu kapena yachinayi kali ndi khosi lalitali, mapazi aakulu, nthenga zikutuluka mwa apo ndi apo ubweya ukuthothoka. Mabuku ambiri amadumpha kuchoka pa kachikasu kufika pa bakha woyera ngati zachitika usiku umodzi. Apa aonetsa zonse, ndipo pali kanthabwala koti mtsikana anapatsa bakha wake dzina lachimuna, mawu atasintha bakha uja akuyamba kukuwa mokweza, winayo akungonong'ona ndipo kumchira kwamera kanthenga kopotana, nde zadziwika kuti ndani ndi ndani. Patapita miyezi pa udzu papezeka dzira.

Zolakwika lilinazo, ndipo zina nzokwiyitsa. Choyamba ndi kamatidwe, chikuto nchofewa ndipo masamba anangowamata ndi guluu osasoka, nde likatsegulidwa kwambiri pakati limayamba kulekana, lathu masamba apakati ali pa selotepi. Buku loti mwana aziliwerenga mobwereza linayenera kusokedwa. Pepala lakenso ndi lopyapyala, chithunzi chakuseri chimaonekera. Chachiwiri zilembo nzazing'ono ndipo pena anazilemba pamwamba pa penti wobiriwira, usiku ndi nyale yochepa mumachita kusinzinira, mwana wongoyamba kuwerenga yekha nde zimamuvuta. Masamba ena mawu achuluka, mlembi anafuna kulowetsa chilichonse chomwe amadziwa, makamaka pa za khola pomwe nkhani imaima kaye nkusanduka phunziro, pamenepo mwana amayamba kuyang'ana kumbali ndipo ine ndimadula ziganizo zina powerenga. Kachiganizo kobwereza kokoma ngati ka m'buku lonyezimira lija mulibe, moti mukandifunsa kuti lokoma m'kamwa ndi liti ndinena kuti lonyezimira.

Chinanso chomwe ndikuona kuti anachiphonya ndi chifukwa chotsekera khola usiku. Akuonetsa mtsikana akulowetsa abakha nkutseka chitseko koma sakunena kuti akutsekera chiyani. Bakha woweta wolemera ngati Pekin sauluka, kuthamanganso sathamanga kwenikweni, galu kapena chilombo chilichonse chausiku chimangomutola, nde maphunziro olowa m'khola aja si masewera, ndi omwe amamusunga ndi moyo. Mwina anaopa kuopseza ana, koma buku lomwe linalimba mtima kuonetsa kabakha konyowa kongoswedwa likanatha kujambula ngakhale timapazi ta chilombo panja pa khola m'mawa.

Pa msinkhu ndinganene kuti ka makatoni nka ana osapitirira zaka 3 mutadumpha tsamba lija. Lonyezimira ngati munagula kale musalitaye, liwerengeni ngati nthabwala, ife timachita masewera oti tipeze bodza pa tsamba lililonse ndipo mwana amasangalala kugwira mlembi akunama. Lachitatu nla zaka 5 mpaka 8, wamkulu ali pambali poyamba, kenako yekha.

Konzekani kuti mukangomaliza kuwerenga lililonse mwa atatuwa pempho la bakha libwera, kwathu linabwera usiku womwewo. Kusiyana kwake nkoti mwana wowerenga lachitatu amapempha awiri, amafunsa za babu ndi khola, ndipo mukamufunsa kuti azisintha madzi ndani amayamba kaye waganiza. Pa tsamba la makolo alembapo kuti bakha wosamalidwa bwino amatha kukhala zaka 8 mpaka 12, ndiye kuti wazaka 6 uyu adzakhala ali ku sekondale bakha akadali pakhomo akufuna madzi oyera m'mawa uliwonse. Chiganizo chimenecho anachiika m'munsi mwenimweni ndi tizilembo tating'ono kwambiri, chinayenera kukhala pachikuto.